Mawaya Ofiira a Ba Abednego

Ba Abednego anadzimangira galimoto yampikisano kuseri kwa nyumba yawo ku Chelstone, chiinjini chachikulu m'kagalimoto kakale. Kunangotsala mawaya a mapulagi. Kusitolo ya masipeya m'tauni, wogulitsa anawaonetsa akuda ndi ofiira.

"Ofiila aya ni kopa yekayeka. Moto ni wambili, koma amasokoneza mawailesi," anatero wogulitsayo.

"Nifuna moto ine, osati wailesi," anayankha Ba Abednego, natenga ofiirawo.

Poti iwo ndi a Sabata, injiniyo ankaiyesa Lamlungu m'mawa, nthawi yomwe mpingo wa Pentekosite wa kuseri kwa mpanda wawo umapemphera. Akaponda mafuta, masipika a m'tchalitchimo ankathetheka, mawu a abusa n'kuduka. Mpingo unati chimenechi n'chiwanda, ndipo unalengeza kusala kudya.

Lamlungu lina mlongo wawo Yande, yemwe ankapemphera komweko, anachita chizungulire ndi njala, nalowa pageti pa achimwene akewo kuti apumule. Ba Abednego anaponda mafuta, masipika n'kuthetheka. Atasiya, kunangoti zii. Atapondanso, mpingo wonse unakuwa, "Tuluka! M'dzina la Yesu, tuluka!"

Yande anagwira pakamwa, maso ali tong'o.

"Ba Abe! Ndimwe? Ine sabata yonse osadya, nayonda so, kanshi chiwanda chili mu boneti yanu?"

Ba Abednego anazimitsa injini. Kuseri kwa mpanda, mpingo unayamba kuimba nyimbo yachipambano.