Amene Anatsika Basi ku Wenela

1.
Wailesi inasiya kulankhula Lachitatu. Anangozo anaigwedeza, kuimenya kakhofi, kuitembenuza. Mabatire mulibe. Tsono mabatire alibe miyendo, ndipo m'nyumba muja, ku Chilomoni, munkakhala anthu awiri okha: iwo ndi amuna awo a Kachingwe, telala wosokera pakhonde la sitolo mu Limbe.

Abambo, mabatire aja?

Anatha mphamvu.

Ogula dzana omwe aja?

Zinthu za masiku ano, make Lonjezo. Palibe kanthu. Mankhwala mwamwa?

2.
Anangozo si munthu womunamiza chisawawa. Anakalambira pa choko, akuphunzitsa sitandade faifi, ndiye nkhope ya mwana wobisa kanthu m'thumba amaidziwa ali patali. Chipumireni ntchito, makamaka chiwagwetsereni BP chaka chatha, adokotala anawalamula kukhala phee. Kukhala phee kwake n'kuwerenga timabuku ta apolisi ofufuza milandu, togula pansi pafupi ndi msika, tothothoka zikuto. Timabukuto tinawaphunzitsa izi:

wolakwa amachulutsa ulemu
wolakwa amasamba m'manja nthawi yaitali
wolakwa amakuyang'ana pachipumi, osati m'maso
wolakwa amakhala wa m'nyumba momwemo

M'mawa umenewo a Kachingwe anawaphikira tiyi okha. Munthu woti sadziwa n'komwe kumene kumakhala masupuni.

3.
Foni yanu ikutentha batire, make Lonjezo. Bweretsani ndikaionetse kwa anyamata a mu Limbe.

Inapita. Koma ya abambowo inali yamoyo, ndipo ikangolira ankathamanga nayo kuseri kwa bafa ngati munthu wotsegula m'mimba. Madzulo Anangozo analowa m'bafamo mwakachetechete, sopo ali m'manja, khutu pakhoma.

Ee. Ee. Ayi, sanadziwe. Ine sindingathe, pakamwa panga pakulemera. Ingobwerani. Mawa? Ndidzakuchingamirani ku Wenela. Musaimbenso, ali pafupi.

4.
Mkazi.

5.
Nanga akanakhala ndani, poti telala ndi munthu amene amaswera akuzunguliza tepi m'chiuno mwa akazi a eni ake n'kumati ndi ntchito, ndipo nyuzipepala imene anakulungiramo usipa sabata yatha inali ndi nkhani ya mkulu wina wa nyumba ziwiri amene akazi ake anakadziwanirana kumanda n'kuyamba kulimbirana nkhata, ndipo nyimbo za m'minibasi masiku ano zonse n'zolimbikitsa chibwenzi cha mseri, ana asukulu n'kumaimba nawo pamtima pomwe ndakatulo imodzi imawakanika, ndipo tauni ino yasanduka ya mizere, mzere wa mafuta, mzere wa shuga, mzere wa kuchipatala, ndiye n'chodabwitsa chanji kupeza kuti pa mwamuna wako pali mzerenso iwe osadziwa kuti uli nambala chani, iwe amene unamupeza ali ndi makina obwereka ndi thalauza limodzi, iwe amene unkamugulira ulusi ndi malipiro a uphunzitsi, lero imvi zili mbuu akukachingamira alendo ku Wenela, chabwino, akulu anati mapanga awiri avumbwitsa, tiona amene anyowe

6.
Nachuma, wa nyumba yoyandikana nayo, ndi mayi woti nkhani siigona m'kamwa mwake. Tsiku limeneli anangobwera ndi tsache n'kuyamba kusesa pabwalo la Anangozo, osapemphedwa.

Mwatani a Nachuma?

Palibe kanthu, amayi. Mankhwala mwamwa?

Kumpopi amayi anali pa macheza, koma Anangozo atangotulukira, onse zii. Wina anawalandira ndowa. Wina anawapatsa malo kutsogolo. Ulemu wonsewu unawawawa kuposa chipongwe, chifukwa anadziwa kuti dera lonse lamva kale ndipo akuwamvera chisoni.

Tandibwerekani foni, a Nachuma, ndimuimbire mwana wanga ku Joni.

Mulibe mayunitsi, amayi.

Chonsecho anali atangowaona akukanda kakhadi pa okala.

7.
Iwe Lonjezo, ukanakhala pafupi. Ndiwe wekha amene ndinabereka, ndiwenso wekha amene bambo akowa amakuopa. Lamulungu ukaimba ndidzakuuza zonse, ndipo usadzandiseke monga umachitira, amvekere amayi mabuku aja akuzunguzani mutu. Wailesi aitseka pakamwa. Foni andilanda. Usiku akungotembenuka, kuusa moyo, ndikawakhudza akunamizira mkonono. Ukadzabwera pa Khirisimasi udzandipeza kwathu ku Ntcheu, kwa amalume ako a Gelesoni. Ine mitala ayi. Ndakalamba, koma mitala ayi.

8.
Lachinayi a Kachingwe anavala jekete la kutchalitchi.

Ndikukapikula nsalu.

M'jekete?

Kukuzizira.

Kunja dzuwa likuswa mtengo. Atangokhota pa okala, Anangozo anamanga chitenje, kutenga ambulera yawo ya chigwiriro cholimba, ulendo pambuyo.

Pa siteji kondakitala wa minibasi ali pakalapakala kuitana: Tauni! Tauni! Mmodzi yekha! Sunthani amayi, anayianayi!

Njira yonse ankayeseza mawu. Sadzakuwa, iwo ndi mphunzitsi. Adzangomuyandikira mkaziyo n'kumufunsa mwaulemu kuti, mwana wanga, kwanu amuna anatha? Ambulera ija n'njongoyendera, pokhapokha atayankha mwano.

9.
Wenela. Utsi, mahutala, anyamata olimbirana katundu. Anangozo anabisala kuseri kwa mulu wa matumba a mbatata, pomwe ankawaona bwinobwino amuna awo ataima okha, chipewa chili m'manja. Basi ya ku Ntcheu inaima, anthu n'kuyamba kutsika.

wa wigi yofiira, ayi, wapitirira
wa mwana kumsana, Mulungu asalole, wapitirira
wonenepa wa chikwama chonyezimira, ameneyu ndithu, ayi, wapitiriranso

A Kachingwe osasuntha. Sankayang'ananso akaziwo.

10.
Pomalizira penipeni panatsika mkulu wina wamtali, akutsimphina pang'ono. Anangozo anamuzindikira ndi kayendedwe.

Achimwene awo. A Gelesoni, mwini mbumba.

Munthu wodana ndi tauni ngati ameneyu, woti ngakhale pa ukwati amafika mochita kumukoka, wabwera pakati pa sabata, nyengo yokolola. Wabweranso chimanjamanja. Opanda nkhuku, opanda kathumba ka mbatata ya kachewere, pomwe chikhalire sanalowepo m'nyumba ya mlongo wake wopanda kanthu m'manja.

Amuna awiriwo sanaseke monga amachitira pachilamu. Anagwirana chanza osatayana. Kenako mapewa a a Kachingwe anayamba kugwedezeka, ndipo a Gelesoni anawakokera pambali, pafupi ndi matumba aja.

Limbani mtima, alamu. Anzake a mwana wathu ku Joniko akuti thupi linyamuka liti?

Mwambo wake Anangozo ankaudziwa, anakulira momwemo. Mwana ndi wa kwa amayi ake. Uthenga wotere bambo sanena yekha, sanenera pafoni, sausiyira wailesi kapena amayi a kumpopi, makamaka wouzidwayo akakhala wodwala. Amadikira malume afike, akhale pansi.

11.
Anangozo anafika kunyumba amuna awiriwo asanafike. Mmene anayendera sakudziwa, ndipo ambulera inatsala m'minibasi. Nachuma anawaona akulowa, n'kugwira pakamwa.

Anakonza mipando iwiri pabalaza. Anayala mkeka. Anaima pakati pa nyumba, osalira, chifukwa palibe amene anali atawauza kanthu. Malinga ngati sanauzidwe, Lonjezo anali ku Joni, akudikira Lamulungu kuti aimbe.

Odi.

Analowa, a Gelesoni patsogolo, a Kachingwe pambuyo, maso ofiira. Anangozo sanawalonjere achimwene awo. Anapita kwa amuna awo n'kuwagwira jekete ndi manja onse awiri.

Abambo, ndiuzeni kuti muli ndi mkazi wina. Ndinakumvani kubafa. Nenani kuti ndi mkazi, sindikwiya. Mubweretseni, ndimupatsa chipinda, ndizimuphikira. Chonde, abambo, nenani kuti ndi mkazi.

A Kachingwe anayang'ana kwa alamu awo. A Gelesoni anavula chipewa, n'kuloza pamkeka.

Khala pansi, mlongo wanga.