Mpata wa Zala Zitatu

Achimwene anga ndi owotcherera zitsulo, ndipo msewu wathu wonse umawadziwa ndi dzina loti a Sizidontha. Ukawapatsa thanki, ndowa kapena poto wobooka, amawotcherera, n'kuthiramo madzi, kenako n'kukuyang'ana m'maso: “Za ine sizidontha.” Dzinalo linachokera pamenepo. Munthu ameneyu amadana ndi mpata ngati mmene enafe timadanirana ndi nsikidzi.

Chaka chatha anakwatira mayi wa mwana mmodzi. Mlamu wangayo ndi munthu wansangala, tinagwirizana tsiku loyamba lomwe. Nkhani inali pa mwana wake, mtsikana wa zaka zisanu ndi ziwiri amene tinkamutcha Kachetechete. Sanali wamwano ayi. Moni ankapereka, ukamutuma ankathamanga. Koma achimwene ankawaitana monga amawaitanira makasitomala: “A Sizidontha, akuti chakudya chapsa.” Iwo ankangoseka nawo, koma ine ndinakula nawo limodzi, ndinkaona kuti zikuwapweteka. Miyezi isanu ndi itatu inatha mwana asanawasekereko ngakhale kamodzi.

Lolemba lina Kachetechete anatulukira pa kagolosale kanga, komwe kayandikana ndi shedi ya achimwene, nkhope ili gwa. Aphunzitsi anali atalamula kuti Lachisanu aliyense abwere ndi chidole chosokedwa kunyumba. Amayi ake anali atapita kukadwazika agogo, ndipo sabata imeneyo sakanabwerako.

Ndisanatsegule pakamwa, mawu anamveka kuseri kwa mpanda: “Ndisoka ine.”

“Inu achimwene? Batani la malaya anu lomwe mumamanga ndi waya.”

“Kusoka n'kuwotcherera komwe. Kungoti kulibe moto.”

Madzulo omwewo anabwera ndi buku lomwe anagula kwa bambo wogulitsa mabuku akale pakona. Linali buku lophunzitsa kusoka zidole ndi tizovala ta ana, chikuto chake chomata ndi selotepi, masamba ena othimbirira ndi tiyi. Ndinadzipereka kuti ndithandize, poti singano ndimaidziwa. Anakana. Anangondipempha nsalu ya diresi yanga yakale, ulusi wamitundu itatu ndi mabatani awiri.

Kuyambira Lachiwiri, nthawi ya nkhomaliro ikakwana, ankazimitsa makina, n'kukankhira pamphumi chigoba chawo chotetezera maso powotcherera, cha galasi lakuda, n'kukhala pa benchi buku lili pamwendo. Nsalu anadula ndi sizasi yodulira malata. Kulowetsa ulusi pa singano kunawatengera nthawi yoti wina n'kuphika nyemba, chifukwa zala zawo ndi zonenepa ngati zigwiriro za hamala. Akadzibaya, ankayamwa chala mwakachetechete n'kuyang'ana uku ndi uku ngati alipo waona. Ine ndinkaona zonse. Chimodzi chokha chimene anandibisira ndi nkhope ya chidolecho. Anaisoka atanditembenukira msana.

Lachitatu anandiitana, koma osati kudzafunsa nzeru. Ankafuna mboni.

“Tamvera ulesi wa wolemba bukuyu. Akuti gundanitsani nsalu ziwirizi, nkhope iloze m'kati, musoke kuzungulira. Mpaka apo tili limodzi. Kenako akuti siyani mpata wa zala zitatu. Mpata! Ndiye thonje lisadonthe?”

“Tawerengani tsamba lotsatiralo.”

“Ndaona kale nzeru zake pamene zathera.”

“Achimwene, safunsa anadya phula.”

Anandithamangitsa ndi dzanja ngati nkhuku. Ndikanatha kuwauza, sindikana. Koma munthu amene anakula akukuuza kuti sudziwa kanthu, ukapeza mwayi wotere suutaya. Ndinabwerera kukagulitsa sopo.

Lachinayi masana, Kachetechete ataweruka, anatiitana tonse awiri ku shedi. Anapukuta manja, natulutsa ntchito yawo m'bokosi la zida, n'kuinyamula m'mwamba. Chinali chinthu chaphwatalala, cha manja awiri ndi miyendo iwiri, m'mphepete monse muli nyenyeswa za ulusi ndi mfundo. Msoko wokha unali wosiririka. Anazungulira kawiri, mothinana, moti ngakhale nyerere sikanapeza polowera.

Mwana anachiyang'ana kutsogolo, nachiyang'ana kumbuyo.

“Nkhope ili kuti?”

“Ili m'kati,” anatero achimwene monyadira. Kenako kunyadako kunayamba kusungunuka pang'onopang'ono.

“Nanga thonje lilowera pati?”

Achimwene anachitembenuza, nachikoka, nachiunika padzuwa. Panalibe polowera, panalibe potulukira. Ine ndinaseka mpaka kukhala pa tayala lakale, misozi ili mbwembwembwe. Koma nditakweza mutu n'kuona nkhope yawo, kuseka kunandithera. Bambo wamkulu wathunthu anali ataima ngati mwana woswa mbale. Lachisanu linali mawa lake, ndipo mwayi umodzi umene anaupempha okha unali utawapulumuka. Ndinawamvera chisoni, ndipo ndinadziimba mlandu.

Kachetechete anatola buku pa benchi. Anatsegula tsamba lija, nayamba kuwerenga mokweza, chala chikuyenda pansi pa mawu.

“Siyani mpata wa zala zitatu. Potembenuzira.” Anakweza maso. “Simunawerenge?”

“Ndinawerenga.”

“Ndiye?”

“Sindinagwirizane nazo.”

Mwanayo anayesa kudzigwira. Anatseka pakamwa ndi dzanja, mapewa akugwedezeka, kenako chiphwete chinaphulika. Achimwene anandiyang'ana ngati akufunsa kuti zimenezi ndi zabwino kapena zoipa. Ndinawapatsa lezala.

Kumasula msoko wa a Sizidontha si masewera. Anakhala pa benchi mitu itagundana, wina akudula, wina akusolola ulusi. Panabukanso mkangano wa zala: zitatu zake za ndani? Za achimwene zikanatsegula nthiti yonse ya chidole. Anagwirizana zoyeza ndi za Kachetechete, ndipo potembenuza pomwe zinagwira ntchito ndi zomwezo, poti chala cha achimwene chinangolowa nsonga n'kukanirira.

“Gwirani apa. Ayi, osakoka, mung'amba. Kankhani ndi pensulo,” anawalangiza mwanayo.

“Chonchi?”

“Pang'onopang'ono. Mwamva?”

“Ndamva, abwana.”

Unatuluka mwendo, kenako unzake, kenako manja. Mutu unavuta, unatuluka pomaliza. Kachetechete anausalaza pabondo pake, nauyang'anitsitsa.

Maso anali mabatani aja, lina m'mwamba pang'ono kuposa linzake. Mphuno inapotokera kumanzere. Koma pakamwa panali kumwetulira kwa ulusi wofiira, ndipo m'kati mwake munali timano toyera tosokedwa limodzilimodzi. Kutsogolo, dzino limodzi panalibe. Dzino la Kachetechete la pamalo omwewo linali litaguluka sabata yapitayo, ndipo chigulukireni ankayankhula atatseka pakamwa.

“Munaona liti?” anafunsa motsitsa mawu.

“Loweruka. Unkaseka ndi mphaka kuseri kwa geti. Sunandione.”

Mwana anapisa lilime pamalo pa dzino lake, akuyang'anabe chidolecho.

“Apa ndiye munasiya mpata.”

“Pamenepo ndinagwirizana nazo.”

Thonje tinalitenga mu pilo wakale wa kunyumba kwanga. Kachetechete anaphwatika mpaka chidole chinanenepa ngati chadya kwa azakhali. Atakhutira, anatsina milomo ya mpata uja ndi zala ziwiri, natenga singano pa benchi, n'kuwapatsira osayang'ana n'komwe.

“Ababa, tsekani tsopano. Koma kamodzi kokha.”

Achimwene analandira singanoyo. Anaiyang'ana nthawi yaitali ndithu. Kenako anakweza dzanja n'kutsitsa chigoba chija, galasi lakuda n'kuphimba nkhope yonse.

“Nanga muona bwanji posoka?” anafunsa mwana.

“Kuwala kwachuluka,” anayankha achimwene m'kati mwa chigobamo.

Makina owotcherera anali chizimitsireni masana.