Mapapo Obwereka

Ofesi ya loya inali pamwamba. Ambuu anakwera masitepe mopumira, dzanja pakhoma, mkazi wawo pambuyo. Dzinali anawapatsa ndi anzawo ku fakitale yodula miyala, chifukwa poweruka ankatuluka atatuwa mbuu, ndi nsidze zomwe. Ntchito anaisiya zaka ziwiri zapitazo. Chifuwa sichinawasiye.

Loya anali mayi wa magalasi, wolankhula mofulumira. Anagwirizitsa zithunzi za ekisile pawindo.

"Lamulo lili kumbali yanu, bambo. Wodwala ndi fumbi la pantchito ayenera kulandira chipukuta misozi ndi chithandizo cha kuchipatala. Koma kampani yatumiza izi. Zithunzi zanu za chaka ndi chaka. Mapapo abwinobwino. Akuti matendawa mwakawatola kwina."

Ambuu anayang'ana nsapato zawo.

"Si anga."

"Si anu chiyani?"

"Mapapowo. Ndi a alamu anga."

Anafotokoza moduladula, mpweya ukuwathera. Galimoto yojambula inkabwera kamodzi pachaka. Wopezeka ndi mawanga ankangouzidwa kuti ntchito yachepa, akapume. Ndiye odula miyala anali ndi njira yawo. Ukayamba kutsokomola, khadi lako unkapatsa wa chifuwa chabwino. Wojambula sankayang'ana nkhope. Madalaivala sankawajambula, ati fumbi siliwakhudza. Choncho Ambuu ankatumiza mlongo wa mkazi wawo, woyendetsa lole ya kampani yomweyo.

"Nonse awiri?" anatero mkazi wawo. "Ine n'kumakuphikirani, osadziwa kanthu?"

Loya analoza pamwamba pa chithunzi. "Fupa ili linathyokapo."

"Anagwa panjinga yamoto, ali mnyamata," mkazi wa Ambuu anayankha, mawu ali pansi.

"Akajambulitsenso. Fupalo likafanana, zithunzizi zagwa. Koma ayenera kuima pamaso pa oweruza n'kunena zimene ankachita. Ntchito ikhoza kuwathera."

"Ayi," anatero Ambuu. "Ali ndi ana aang'ono. Zisiyeni."

Mkazi wawo sanazisiye. Mawa lake masana lole inaima pakhomo, matayala ali mbuu. Mlamu anatsika akupukusa makiyi pachala.

"Alamu, mwakhala mukuyendera mapapo anga zaka zonsezi. Ngakhale kabotolo kozizira, ayi ndithu."

"Bwererani kuntchito."

"Ntchito yakenso iti? Chichokereni inu, amatikwezetsa tokha miyala. Lole kusesa tokha. Ndine dalaivala kapena tsache?"

"Akuchotsani."

"Chiwongolero n'chozungulira kulikonse." Anakhosomola pang'ono, n'kulavulira kumbali. "Mlongo wanga asakhale wamasiye wopanda kanthu chifukwa cha manyazi anu. Valani jekete."

Kuchipatala anadikira pabenchi yayitali, pafupi ndi chitseko cha nyali yofiira. Loya anabwera ndi zithunzi zakale mu envulopu. Mlamu sanakhazikike. Ankaseka anthu odutsa, ankaseka jekete la Ambuu.

"Lero ndiyamba kujambulidwa m'dzina langa," anatero akuvula shati. "Kaya ndituluka bwino."

Dokotala anawaitana onse. Anapachika chithunzi chakale pagalasi lowala, chatsopano pambali pake. Fupa linali lomwelo. Kachotupa komweko, mbali yomweyo.

"Basi," anatero loya. "Izi sangazikane."

Mlamu anamenya Ambuu paphewa. "Mwamva? Botolo langa lija."

Dokotala sanaseke. Anali akuyang'anabe chatsopanocho. Anasendeza mpando.

"Bambo, mwati mumagwira ntchito yanji?"

"Dalaivala."

"Dalaivala basi?"

Ambuu anali ataona kale. Timadontho toyera, tambirimbiri, chakumtunda kwa mapapo onse awiri. Ankatidziwa. Pachithunzi chawo chenicheni, chimene anajambulitsa atasiya ntchito, tinayambanso choncho.

"Mwina galasi lanuli lada," anatero mlamu.

Mlongo wake anakhala pansi, chikwama pamiyendo, n'kuyamba kutsegula ndi kutseka zipi.

Loya anavula magalasi. Ulendo uno analankhula pang'onopang'ono. "Lamulo lomweli likukhudzani inunso, bambo. Tidzakambirana. Osati lero."

Anatuluka. Makina okweza anthu anali atafa, ndipo potulukira panali pamwamba, kumbali ya msewu. Mlamu anayamba kukwera masitepe awiriawiri, monga mwa masiku onse. Pokhotera anaima. Anakhala ngati akufuna makiyi m'thumba. Makiyi anali m'manja.

Ambuu anamupeza pomwepo. Anapuma kaye mpaka mawu atabwera.

"Ndinakulowetsani m'zimenezi ndine."

"Fumbi silinafunse khadi, alamu."

Anaima choncho, anthu akuwalambalala. Kenako Ambuu anatenga dzanja la mlamu wawo n'kuliika pakhoma.

"Gwirani apa. Phazi limodzi, mupume. Osalankhula pokwera."

Mkazi wa Ambuu anatsalira pambuyo pawo, atanyamula maenvulopu onse awiri, ya zithunzi zakale ndi ya chatsopano.