Denga la Mlamu Wanga Makina

Mvula inali itagwa masiku anayi osapumira pamene chigalimoto choyera chinatitimira m'matope kumunsi kwa mudzi wathu, pa msewu wopita ku Chilwa. M'kati mwake munali bedi, mbaula, ngakhale chimbudzi. Eni ake anali azungu awiri, bambo wandevu ndi mayi wakabudula, oyenda ndi nyumba yawo ngati nkhono.

Kwathu kuno galimoto yoyera ikafika nthawi ya mvula, munthu safunsa. Ndi a bungwe basi, abwera kudzalemba mayina a ovutika. Mayi uja atatsika ndi kabuku m'manja n'kuyamba kulembalemba, mudzi wonse unavala nkhope yachisoni.

Amene mtima unamudumpha kwambiri ndi mlamu wanga Makina, mwamuna wa mlongo wanga Eveles. Chaka cha namondwe uja nyumba yake sinagwe, ndipo mpaka lero sanaikhululukire. Dickson, woyandikana naye, amene anamanga mwaulesi nyumba n'kugwa, analandira malata atsopano, mabulangete ndi ndowa ziwiri. Makina analandira moni.

"Ulendo uno sandidumpha," anatero Makina akutola hamala.

"Bambo a Lily, m'nyumbamu muli matumba asanu a chimanga, ndipo kukolola n'kutali," anatero Eveles. "Mukakhudza denga limenelo, mudziwiretu kolowera. Pano ndi pathu, inu munangobwera."

Zoona, malowo ndi a mbumba yathu, Makina ndi mkamwini. Koma munthu akanunkhiza bulangete laulere makutu amatseka. Mvula itangokata pang'ono anakwera padenga, nazula malata asanu ndi limodzi, n'kukawabisa m'munda wa chinangwa kuseri. Kenaka anadzipaka matope m'thalauza kuti aoneke wozunzika.

Nthawi imeneyo ife tinali kumsewu, tikukankha galimoto ndi kuponyera mitengo pansi pa matayala. Ine ndinalekeza Fomu 2, tsono ndinasonkhanitsa Chingerezi changa chonse n'kufunsa bambo wandevuyo kuti ndi a bungwe liti. Anaseka. Akuti palibe bungwe, iwo ali patchuthi, akupita ku Chilwa kukaona mbalame, ndipo amene anawalozera msewu umenewu ndi foni. Mayina amene mkazi wake ankalemba m'kabuku muja anali a mbalame.

Ndivomere, ndikanatha kuthamanga kukamuuza mlamu. Sindinathamange. Munthu amene wakhala zaka khumi akundiuza kuti ndilibe nzeru ndinafuna ndione zake.

Galimoto itangotuluka m'matope, Makina anatulukira akutsimphina, dzanja lili patsaya. Anawagwira alendo aja mkono mpaka kunyumba kwake, ine ndikumasulira. Mphepo ya dzulo, akuti, yatenga denga lonse, sakudziwa kumene yakaliponya. Azunguwo anamva chisoni chenicheni, mayi uja mpaka misozi inalengeza.

Ndiye kambalame kena kosadziwa kanthu kanatera m'chinangwa muja. Mayi uja anakatsatira monyang'ama, ndipo posakhalitsa tinamva akukuwa mokondwa kuti wawapeza malata. Tonse tinakhamukira komweko. Analidi pomwepo, osanjikizidwa bwinobwino, mwala uli pamwamba, misomali ili m'kachitini pambali. Bambo wandevu anagwedeza mutu, nati wayenda mayiko ambiri koma mphepo yaudongo chonchi sanaionepo.

Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi m'matope. Makina ankati ayankhe, koma kumwamba kunamuyankhira. Mvula inatsika kuchokera ku phiri la Michesi ngati yochita kutumidwa. Tinathamangira kukapulumutsa chimanga, koma pofika tinapeza matumba akusambira, ufa wa m'dengu utasanduka phala.

Apa kuseka kwanga kunatha. Eveles anaima pakati pa nyumba yopanda denga, Lily ali kumsana, madzi akuyenderera kumaso, osadziwika kuti mvula ndi iti misozi ndi iti. Chimanga chimenecho analima yekha. Ndinachita manyazi kuti sindinathamange.

Mlongo wanga sanalalate. Anatenga thumba lopanda kanthu, naikamo malaya a mwamuna wake, nsapato ndi hamala ija, n'kuliika pakhomo.

"Mayi a Lily, tikambirane kaye," anatero Makina.

"Mukakambirane ndi mphepo yanuyo," anatero Eveles.

Azungu aja anali atasiya za ku Chilwa, akubwerera njira ya ku Michesi, komwenso ndi kwawo kwa Makina. Poona munthu ali pamvula ndi thumba, anamutsegulira chitseko. Asananyamuke, mayi uja anati akufuna kukumbukira munthu ameneyu, natulutsa kabuku kaja n'kufunsa dzina.

Mlamu wanga analitchula pang'onopang'ono kuti lisalakwike. Ndinasuzumira pawindo ndipo ndinaona ndi maso anga. Ulendo uno sanamudumphe, analembedwa ndithu, pansi pa kakowa.