Waya Wachiwiri wa ku Luwawa

Justus Nyirenda ankasamala mafoni a m'nkhalango ya Luwawa. Waya umodzi wokha ndiwo unkalumikiza nsanja za alonda a moto ndi Mzimba boma, ndipo paini akangougwera, nkhalango yonse inkasowa pakamwa. Iye anachonderera mabwana ake mpaka analola kuti akoke waya wachiwiri wodzera kumidzi ya Engutwini. Woyamba ukaduka, munthu ankangotembenuza kachitsulo pabokosi, mawu n'kudzera njira inayo.

Waya watsopanowo unadutsa m'mbali mwa munda wa Chikomeni, tcheyamani wa chipani kuderalo, yemwenso anali mwamuna wa Marjory, mlongo wake wa Justus.

"Alamu, muziuyang'anako wayawu," anatero Justus.

"Yewo, alamu. Ine ndilipo, palibe angaukhudze."

Mwezi wa Okotobala, dzuwa lili paliwombo, moto unabuka n'kupsereza mapolo a waya woyamba. Justus anathamangira pabokosi, natembenuza kachitsulo, naitana ku boma. Zii. Anaitananso mpaka mawu kusasa. Malole a ozimitsa moto anafika phiri lonse litasanduka makala.

M'mawa mwake anautsata wapansi waya wachiwiri uja. Ku Engutwini mapolo anali chiimire, opanda kanthu. Waya anaupeza pachigafa cha fodya cha Chikomeni, utamangira mapaso. Wina unali mpanda wa khola la mbuzi.

"Alamu, mwandichita chiyani?"

"Unkangokhala osagwira ntchito," anayankha Chikomeni, osamuyang'ana. "Miyezi yonseyi ndani anayankhulapo? Mbwenu ndinati ndithandizike nawo."

Mabwana atabwera kudzafufuza, Chikomeni anaimirira atavala baji yachipani pamtima.

"Justus anandipatsa yekha, amati ndi wotsala. Ndikanadziwa bwanji ine?"

Masiku amenewo, kutsutsa tcheyamani pagulu kunali kudziitanira galimoto yopita kosadziwika. Justus anayang'ana Marjory, mwana wa mayi ake, amene iye mwini anamlipirira sukulu. Marjory anaweramitsa mutu, n'kumakanda pansi ndi chala chakuphazi.

Ntchito inamthera Justus sabata yomweyo. Justus anasamukira ku Champhira, kumene ankakonza mawailesi ndi njinga pakhonde la sitolo ya mwini. Chikomeni ankadutsa pomwepo popita kumisonkhano, n'kuimitsa njinga.

"Muli uli, alamu?"

Justus ankaimirira, n'kuvula chipewa, n'kuyankha bwinobwino, chifukwa kusayankha nakonso unali mlandu.