Nkhope ya Achimwene Pabotolo

Achimwene anga a Sadok sanalawepo vinyo chibadwire. Amapemphera kasanu pa tsiku, ndipo alima mphesa za muskati kumtunda kwa Kelibia zaka makumi atatu. Mphesa zonsezo zimapita ku kampani yopanga vinyo, koma mukawafunsa amangoti, "Ine ndimagulitsa zipatso." Ine mlongo wawo Mongia ndili ndi malo odyera padoko, ndimaotcha nsomba, ndipo zipatso za achimwenezo zimandipeza Lachiwiri lililonse zili m'mabotolo.

Chaka chatha kampani ija inaganiza zolemekeza alimi ake. Kumunda kunafika mtsikana wa kamera, achimwene n'kuvala chisoti chawo chofiira cha pa Lachisanu, n'kumwetulira atanyamula phava la mphesa. Iwo ankayesa kuti chithunzicho chikapachikidwa mu ofesi. Mu Juni ndikutsegula katoni, ndinapeza achimwene khumi ndi awiri akundisekerera, aliyense pabotolo lake. Pansi analembapo dzina lawo ndi la mudzi lomwe, kuti wina asasokere.

Ndinaseka mpaka misozi, sindikana. Kusekako kunatha nditakumbukira kuti Lamlungu lotsatira kunkabwera a Haji Tahar a ku Korba, alimi a tsabola, kudzawerenga pemphero la Fatiha loti Olfa, mwana wa achimwene, akwatiwe ndi Nizar, mwana wa a Hajiwo. Fatiha ikawerengedwa ndiye kuti mawu amangidwa. Ana awiriwa anali atadikirana zaka zinayi, ndipo a Haji ndi munthu amene amawoloka msewu akaona bala kutsogolo.

Achimwene ataliona botolo anakhala pansi pa kileti ya nsomba.

"Mongia, ndafa ine. A Haji akaona izi, mwana wanga akalambira pakhomo."

"Nanga inu mumati mphesazo amapangira chiyani, jamu?"

"Tseka pakamwa iwe. Bisa zonse."

Ndinabisa. Koma malo odyera m'mbali mwa nyanja muno si anga okha. Achimwene anakwera kanjinga kawo kamoto, masiku atatu akuyenda kuchokera ku Kelibia mpaka ku Haouaria, kuchonderera eni malo kuti atembenuze mabotolo ayang'ane kukhoma. Munthu amene sanapondepo m'bala analowa mabala khumi ndi limodzi sabata imodzi. Amene anali asanaione nkhope ija anaiona tsopano, ndipo pofika Loweruka nkhani inali m'kamwam'kamwa.

Apa ndiulule mbali yanga. Nzeru yoti alendo adzadyere kwanga inali yanga, poti mashelefu ndi anga. Ndinenso amene ndinati, "Akafunsa, mukane. Anthu amafanana." Ndinkadziona wochenjera kwambiri tsiku limenelo.

Lamlungu masana a Haji anafika ndi akazi awo a Zakia, ndi Nizar atavala jekete m'dzuwa lonse lija. Pamashelefu anga panali mafuta a maolivi okhaokha. Nsomba ndinaziotcha ndi mtima wonse, Olfa akuthirira alendo madzi. Tinakambirana za mvula, za mbozi, za mtengo wa feteleza. Kenako a Haji anapukuta pakamwa, n'kuyang'ana mashelefu aja nthawi yaitali.

"A Sadok, paja akuti mwatchuka. Akuti nkhope yanu ili patebulo lililonse kuno kunyanja."

"Si ine, a Haji. Anthu amafanana."

"Ndi dzina lomwe?"

"A Sadok tilipo ambiri."

"Ndi chisoti chimene mwavalachi?"

Achimwene anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana minga ya nsomba m'mbale.

"Wallahi, a Haji," anatero achimwene, dzanja lili pachifuwa. "Mulungu ndi mboni, si ine."

Achimwene sanalumbirepo bodza ngakhale tili ana, ndipo bodza limeneli ndinawaphikira ndine.

A Zakia anatsegula chikwama pang'onopang'ono, n'kutulutsa kanthu kokulunga m'nsalu. Inali felemu ya golide. M'kati mwake munali achimwene, chisoti chofiira, phava la mphesa. Nizar anali atapempha botolo lopanda kanthu kuhotela, n'kulinyika m'madzi ofunda mpaka pepala linamatuka lathunthu. Imeneyo ndiyo inali mphatso ya apongozi.

"Ine tsabola wanga amadyedwa m'mahotela pamodzi ndi nyama zimene sindingazitchule patebulo pano," anatero a Haji. "Sindimutsatira kumene akupita. Ndalima zaka makumi anayi, palibe anabwerapo kudzandijambula. Nditaona ichi ndinachita nsanje, ndinati mwana wanga akukwatira kwa mlimi weniweni." Anaimirira, n'kutenga ndodo yawo. "Koma poti mwalumbira kuti si inu, ine sindingatsutse munthu amene watchula Mulungu. Tiyeni, mayi a Nizar. Mukamupeza mwini nkhopeyi mutiuze, a Sadok. Mwana wake ndi amene tinabwerera."

Anatuluka. Nizar anatsatira pambuyo akucheukacheuka. Olfa sanalire. Anatula jagi ya madzi patebulo, n'kunena mawu amodzi okha: "Ababa."

Manyazi anapha lambe, koma achimwene sanafune kufa nawo. Anadzuka mpando n'kugwa, anatola felemu ija, ulendo panja, ine pambuyo ndi epuloni yanga.

Aliyense wa ku Kelibia amadziwa mmene padoko pamakhalira Lamlungu masana. Asodzi akusoka maukonde, amayi akutsitsa mitengo, ndipo tsiku limenelo ngakhale a muazini, oitanira anthu kumapemphero kumzikiti wathu, analipo, akusankha nsomba. A Haji anali atafika kale pagalimoto yawo yonyamulira tsabola.

"A Haji!" anaitana achimwene. "Ndine."

A Haji anatembenuka, n'kuika dzanja kukhutu. Munthu amene amamva mbozi ikutafuna tsamba anasanduka gonthi mwadzidzidzi.

"Mukuti chiyani? Mphepo, a Sadok!"

"Ndati ndine!"

"Ndinu ndani?"

Achimwene anakweza felemu m'mwamba ndi manja awiri. "Wa pabotoloyu ndine! Mphesa ndi zanga! Ndimadziwa zimene amapangira, ndakhala ndikudziwa zaka zonsezi! Ndipo ndalumbira bodza, Mulungu andikhululukire!"

Doko lonse linaima. A muazini anatsala atagwira nsomba kumchira. Kenako msodzi wina anakuwa ali m'boti: "Timakudziwani, mdala! Dzulo munali nafe patebulo mpaka titatha mabotolo awiri!" Anzake anafa nazo, ena mpaka kuomba m'manja.

A Haji sanaseke. Anakoloweka ndodo pagalimoto, n'kutambasula manja pomwepo, pakati pa makileti ndi ntchentche. A Zakia anatambasula, Nizar, ine, Olfa atafika wefuwefu, ndi a muazini omwe atabweza nsomba ija. Achimwene anapanira felemu m'khwapa kuti nawo atambasule. Fatiha tinaiwerenga tonse mokweza, kupatula iwo. Mawu anali atasasa ndi kukuwa kuja, milomo yokha ndi imene inkayenda, misozi ikutsikira m'ndevu.