Timphira Takuda m'Mano a Mlonda

Ntchito yanga ndi ya pageti la fakitale: kutsegula, kutseka, ndi kuimba wezulo malole akamabwerera m'mbuyo. Mano am'munsi atatha, mwana wanga wamkazi anandikokera kuchipatala. Dokotala anandikhomera tizitsulo tiwiri m'fupa la chibwano, akuti mano oyikirira azidzakolapo ngati batani la malaya.

Mano anabwera, koma osakola. Ndikangouzira wezulo, ankatuluka. Ulendo wina anagwera pamaso pa kapitawo, madalaivala n'kufa nazo nseko.

"Madala, geti si malo otolera mano," anatero kapitawo. "Zikachitikanso, mukapume kunyumba."

Ndinabwerera kwa dokotala. Sanandiyang'ane n'komwe m'kamwa. Akuti nkhama zizolowera.

"Mwamva, bambo?" anatero mwana wanga. "Inu chilichonse mumati akuberani."

Ndinatsata kanjira ka kuseri mpaka kuchipinda chimene amapangira manowo, iye akunditsatira uku akung'ung'udza. Munali fumbi loyera ndi fungo lonyansa la pulasitiki. Pamashelefu panali zibwano zachoko, chilichonse chili ndi tizitsulo tofanana ndi tanga. Mmisiri, mkulu wadazi wa magalasi pamphumi, ankapala dzino pamakina.

"Kuno odwala salowa, achikulire."

"Sindikudwala ine. Akudwala ndi mano anuwa."

Ndinawavula n'kumuikira patebulo. Anawatembenuza. Kunsi kwake kunali timabowo tiwiri tachitsulo, ndipo mkati mwake munali timphira takuda. Ndinaona nkhope yake ikusintha. Mlonda amadziwa nkhope ya munthu amene wakumbukira chinthu.

Maso anga anapita pabokosi limene linali lotsegula pambali pake. Munali timphira tambiri, tofiira, tabuluu, toyera, takuda tili patokha pakona.

"Takudato ndi tantchito yanji?"

"Timeneto n'togwirira pano popanga. Mano akamapita kwa mwini wake timasintha." Atangotero, anatsokomola. "Koma anuwa alibe vuto. Angoda basi. Dikirani ndikutsukireni."

Anandifulatira, natsegula mpope mwamphamvu. Kutsuka kwanji kofuna kachitsulo kosongoka? Ndinasuntha pang'ono. Ndinamuona akuzula kamphira, n'kuzulanso kena, tonse tikugwera m'chitini. Kenako anatola tabuluu, n'kukanikiza ndi chala chachikulu, mapewa atafutukula kuti ndisaone.

"Yesani tsopano."

Ndinawaika m'kamwa. Anati thapu! Ndinakoka ndi zala, osatheka.

"Mwasinthatu timphira, amisiri."

"Ine? Ndangotsuka."

"Sopo wanu ndi wamphamvu. Amasandutsa chakuda kukhala chabuluu?"

"Maso akukula, achikulire."

Ndinaloza chitini. Anaponyamo chinsanza chonyowa, akumwetulira mwana wanga ngati akumupepesa chifukwa chobadwa kwa ine.

"Bambo, tiyeni, mukundichititsa manyazi," ananong'ona mwanayo. "Zikomo kwambiri, amisiri. Ndimawauza tsiku lililonse kuti azitsuka."

M'mawa mwake lole yoyamba itafika, kapitawo anabwera kudzaima pafupi nane, manja m'thumba, kudikira. Ndinaimba wezulo mpaka dalaivala anatseka khutu. Mano sanagwedezeke. Kapitawo anayang'ana pansi, ngati munthu amene wataya kanthu, n'kubwerera ku ofesi.

Geti ndikadali nalo. Koma mwana wanga anandigulira mswachi watsopano, ndipo amauza aliyense wobwera pakhomo kuti bambo ake anatsala pang'ono kuchotsedwa ntchito chifukwa cha uve.